Malonjezo oteteza nkhalango asathere pa pepala

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa nkhani ya nkhalangoyi. Mu 2021 ku Glasgow pa msonkhano waukulu wa zakusintha kwa nyengo wotchedwa COP26, maiko oposa 140 anasaina kuti pofika 2030 kuononga nkhalango kukhale kutatha. Koma paja mu 2014 ku New York kunalinso lonjezo lochepetsa ndi theka pofika 2020, zinakanika, ndiye pano tikhulupilire chani?

Chimandiwawa kwambiri nchoti nkhalango imatha kuoneka yobiriwira pa zithunzi za satelayiti koma mkatimo mitengo ikuluikulu anadula kalekale, moto ukulowa chaka ndi chaka, ndipo kuonongeka kotereku mapulani ambiri a zanyengo sakutchula bwinobwino. Chonde boma lililonse lilembe manambala enieni, mahekitala angati, chaka chiti, ndalama zake zichokera kuti, nzika zizitha kufunsa.

Ine wanu,
Wodandaula