Kalata kwa mwana wanga amene akufuna digiri yachiwiri ya maphunziro a zachipembedzo

Mwana wanga Nabanda,

Ine ndi amayi ako tili bwino, ndipo uthenga wako wakuti watsimikiza mtima kupempha malo ku yunivesite ya Stellenbosch kuti ukachite digiri ya masters pa nkhani zachipembedzo tinaulandira ndi manja awiri. Pa foni sindinanene zambiri, chifukwa nkhani yotere imafuna kukhala pansi, choncho ndalemba kuti uziwerenga mobwereza pamene ukusonkhanitsa mapepala ako. M'zaka zanga zonse za ubusa ndaona anzanga ambiri akupita ku South Africa kukaphunzira, ndipo onsewo anali anthu anzeru, koma amene anamaliza ndi aja ananyamuka ali ndi funso lowasowetsa tulo, pamene aja ananyamuka atangosirira mkanjo ndi chipewa anabwerako chimanjamanja. Zonse zimene yunivesite idzakufunse zikuzungulira pamenepo.

Ndiyambe ndi zamapepala. Ku South Africa maphunziro anawaika m'makwerero khumi, ndipo digiri yoyamba ya zaka zitatu ili pa khwerero la 7, ya honours pa 8, ya masters pa 9, ya udokotala pa 10. Munthu salumpha kuchoka pa 7 kukafika pa 9. Digiri yako ya zaka zinayi iyenera kukaunikidwa ndi bungwe la SAQA, lomwe limayesa ziphaso zochokera kumayiko ena n'kunena khwerero limene zikugwera, ndipo akakuika pa 7 udzayenera kudutsa kaye chaka chimodzi cha honours kapena cha dipuloma ya anthu omaliza digiri. Zikadzatero usadzazione ngati chipongwe, pakuti chaka chimenecho ndicho chimaphunzitsa munthu kachitidwe ka kafukufuku. Mayunivesite ambiri a kumeneko amafunanso kuti malikisi ako onse akaphatikizidwa afike pa 60 kapena 65 pa 100 alionse, choncho katenge chikalata cha malikisi ako tsopano lino, ulembetse makalata a umboni kwa aphunzitsi amene anawerengapo ntchito yako, ndipo udziwe kuti viza ya ophunzira imafuna kalata ya apolisi komanso inshuwalansi ya chipatala yolembetsedwa m'dziko lomwelo. Chaka cha sukulu kumeneko chimayamba mu February, ndipo wodikira mvula yoyamba kuti ayambe kuthamanga ndi mapepala amapeza chitseko chitatsekedwa.

Pali nambala imodzi imene ndikufuna uiganizire usiku. Digiri ya masters amaiwerengera makirediti 180, ndipo kirediti iliyonse imaimira maola khumi a ntchito, kutanthauza maola 1,800. Munthu wogwira maola asanu ndi atatu patsiku, masiku asanu pa sabata, angatenge masabata 45 kuti akwanitse maola amenewo. Wanena kuti ukufuna kusunga ntchito yako ya uphunzitsi uku ukuphunzira, ndipo sindikukuletsa, koma uwerengere bwino kuti maolawo udzawachotsa pati.

Usanalembe fomu iliyonse, dziwa chipinda chimene ukulowa. Maphunziro a zaumulungu amachitika mkati mwa chikhulupiriro, ndipo wophunzira amafunsa chimene mpingo umaphunzitsa ndi chimene uyenera kuchita. Maphunziro a zipembedzo amafunsa chimene anthu amakhulupirira, mmene amapembedzera ndi chifukwa chake, kaya ndi Akhristu, Asilamu, kapena anthu othira nsembe kwa Mbona ku Khulubvi, ndipo wophunzira saloledwa kukhala woweruza wa amene ali m'choonadi. Ku Stellenbosch kuli sukulu ya zaumulungu imene inayamba mu 1859 ngati malo osulira abusa a mpingo wa Dutch Reformed, pamene ku yunivesite ya Cape Town kuli dipatimenti yophunzira zipembedzo zosiyanasiyana. Ine mbusa ndikukuuza kuti kulikonse kumene ungapite, ukalemba ngati ukulalikira adzakubwezera pepala lako. Paguwa timanena kuti atero Yehova ndipo mpingo umavomera, koma pa yunivesite chiganizo chilichonse chimafunsidwa kuti wachitenga kuti, anachinena ndani, liti, ndipo ena amene akutsutsa akuti chiyani. Zimenezi sizichotsa chikhulupiriro cha munthu wokhazikika, ngakhale kuti miyezi yoyamba zimamugwedeza ndithu.

Tsopano ndifike pa chimene ndakulemberadi. Adzakufunsa ndondomeko ya kafukufuku wako, masamba ochepa ofotokoza funso lako, zimene ena analemba kale, njira imene udzatsate ndi nthawi imene udzatenge, ndipo pa masamba amenewa ndi pamene mphunzitsi amasankha ngati angavomere kukuyang'anira. Wopanda womuyang'anira salandiridwa pa digiri ya kafukufuku, ngakhale malikisi ake atakhala okongola bwanji. Unandiuza kuti mutu wako ndi amayi ndi chipembedzo m'Malawi. Mwana wanga, umenewo ndi munda woti mudzi wonse ulime, osati munthu mmodzi wa khasu limodzi. Koma ndikukumbukira tsiku lina ukufunsa agogo ako kuti n'chifukwa chiyani mtsikana wina anapita kuchilangizo cha mpingo masana, kenako azakhali ake anamutengeranso kwa anamkungwi mwakachetechete, ndipo unafunsa mpaka agogo anatopa nawe. Funso lako ndi limenelo. Mpingo unabweretsa chilangizo kuti chilowe m'malo mwa chinamwali, alangizi akhala akugwira ntchitoyo kwa mibadwo ingapo, nanga n'chiyani chimene mabanja amaona kuti chikusowabe? Ukalichepetsa kuti likhale la mipingo iwiri kapena itatu ya kuno kwathu, n'kusankha zaka zodziwika, mphunzitsi aliyense adzaona kuti ndi ntchito yotheka.

Usaganize kuti ndiwe woyamba kuponda njira imeneyi. Isabel Apawo Phiri, amene anatenga digiri ya udokotala ku Cape Town, anafufuza mozama za moyo wachipembedzo wa amayi a Chichewa mu Sinodi ya Nkhoma, kuphatikizapo chilangizo ndi Chigwirizano cha Amayi. Uwerenge ntchito yake yonse usanalembe mzere umodzi, kenako udzifunse kuti n'chiyani chasintha kuchokera nthawi imene iye anayenda m'midzi yathu, tsopano pamene kwadza mipingo ya chipentekoste, atsikana ambiri ali pasukulu, ndipo malangizo ena akuwapeza pa foni. Ndondomeko yosatchula amene anatsogola imaonetsa kuti mwini wake sanawerenge, ndipo paja safunsa anadya phula. Ukamalembera mphunzitsi amene ukufuna kuti akuyang'anire, yamba wawerenga zimene iye analemba, umuuze mwachidule pamene funso lako likukumana ndi ntchito yake, ndipo usatumize kalata imodzimodzi kwa anthu khumi.

Za zilankhulo, zimatengera nthambi. Wofuna kuzama pa Chipangano Chakale amafunsidwa Chihebri, wa Chipangano Chatsopano Chigiriki, ndipo wofuna kuwerenga mabuku a Chisilamu sangapite patali popanda Chiarabu. Iwe funso lako likufuna zina. Amishoni amene anamanga msasa pa Mvera mu 1889, Andrew Charles Murray ndi Theunis Vlok, komanso amene anatsegula Nkhoma mu 1896, ankalembera kwawo makalata ndi malipoti, ndipo zambiri mwa zolembazo zimasungidwa ku Stellenbosch komweko m'nkhokwe ya zakale ya mpingo wawo wa Dutch Reformed uja, zina m'Chidatchi, zina m'Chiafrikaans. Ngati ukufuna kudziwa zimene iwo ankaganiza za chinamwali, yamba kuphunzira kuwerenga Chiafrikaans, ngakhale pang'onopang'ono ndi dikishonale pambali. Chingerezi chako n'chabwino, koma chingerezi cha kafukufuku chimafuna kuzolowera kulemba zomveka ndi kutchula gwero la mawu alionse obwereka, pakuti kutenga mawu a wina osamutchula ndi mlandu wochotsetsa munthu sukulu. Chuma chimene uli nacho kuposa anzako ambiri ndi Chichewa chakuya cha kwa agogo ako, chija cha mikuluwiko ndi nyimbo zimene tanthauzo lake silili pamwamba. Chitchule m'ndondomeko yako mosachita manyazi, chifukwa wofufuza wodalira womasulira amangomva theka la zimene gogo wanena.

Usanafunse munthu aliyense funso limodzi, udzafunika chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuvulaza anthu, cha ku yunivesite yako komanso cha kuno kwathu, kumene kafukufuku amayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology. Adzafuna kudziwa mmene udzapemphere chilolezo kwa ofunsidwa, mmene udzabisire mayina awo, ndi mmene udzatetezere atsikana osakwana zaka 18. Ambiri amaona izi ngati zochedwetsa, koma pa mutu wako ndi nkhani yaikulu. Anamkungwi ali ndi zinsinsi zimene sazinena pabwalo, ndipo mayi wina akadzakuuza chinthu chifukwa chakuti ndiwe mdzukulu wa uje, uyenera kumufunsa momveka ngati akulola kuti chilembedwe m'buku limene alendo adzawerenge. Akakana, chisiye ngakhale chitakhala chokoma kuposa zonse zimene wapeza. Ukumbukirenso kuti ndiwe mwana wa abusa, ndipo ena adzakuuza zimene akuganiza kuti abusa angakonde kumva. Zimenezo uzilembe poyera m'gawo la njira ya kafukufuku, pamodzi ndi mmene udzachitire kuti anthu amasuke. Kwa anyakwawa ndi kwa abusa a pamalopo uziyamba wafikako usanalowe m'mudzi.

Za ndalama, walira mvula walira matope. Fizi, nyumba, chakudya, inshuwalansi ndi ulendo wobwera kuno kudzafunsa anthu, zonsezi uzilembe pa pepala limodzi m'marandi, ndipo upemphe thandizo la maphunziro nthawi yomweyo imene ukupempha malo. Usanyozenso Zomba, chifukwa ku University of Malawi kuli dipatimenti ya zaumulungu ndi zipembedzo imene yatulutsa mabuku ambiri onena za dziko lathu, nkhokwe ya zakale ya boma ili m'tauni momwemo, ndipo anthu amene ukufuna kuwafunsa ali pafupi. Pempha malo konsekonse, tidzasankhe mayankho atabwera.

Ndikupempha kuti pobwera pa Khirisimasi udzabwere ndi masamba atatu a ndondomeko yako, tidzawerengere limodzi pakhonde, ndipo ndidzakufunsa mafunso ovuta monga adzachitire iwo. Amayi ako alankhula kale ndi alangizi awiri okalamba a pampingo pathu, ndipo avomera kucheza nawe chilolezo chako chikadzatuluka. Akupereka moni, ndipo tikukupempherera masiku onse.

Ndine bambo ako.