Alimi a nsomba, musatchinge dzuwa pa madamu anu

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi alimi a nsomba a kuno ku Mzuzu amene akudandaula kuti makumba awo sakukula ngakhale akuwathirira madeya tsiku ndi tsiku. Nthawi zambiri vuto si madeya ayi, koma mthunzi.

Chakudya chenicheni cha makumba ndi tizomera ting'onoting'ono timene timabiriwiritsa madzi a m'damu. Monga chimanga cha kumunda, tizomerati timagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa posandutsa madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi kukhala shuga, ndipo potero timatulutsa okosijeni amene nsomba zimapuma. Tizilombo ta m'madzi timadya tizomerati, nsomba n'kudya zonse ziwiri. Chamoyo chikadya chinzake chimangosunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvuyo, choncho dzuwa likaperewera poyambira, ku nsomba kumafika zochepa zedi.

N'zomvetsa chisoni kuona damu labwino litazunguliridwa ndi mabulugamu, paini kapena nthochi. Mzinda wathu uli pamalo okwera mamita oposa 1,200, ndipo mu June ndi July nkhungu imachedwa kuyera. Madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 20, makumba amadya monyinyirika ndipo kukula kumachepa kwambiri. Ndiye muwalandenso kadzuwa kochepako? Dulirani nthambi, makamaka za kum'mawa, chifukwa dzuwa la m'mawa ndi limene limayamba kufunditsa madzi. Masamba ogwera m'damu nawo akamawola amatha okosijeni.

Kuyeza madzi sikufuna chida. Pisani mkono mpaka m'chigongono, pafupifupi masentimita 30. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, tizomera tachepa: ikani zitosi za nkhuku kapena manyowa m'kakhola ka timitengo kozikidwa m'madzi pangodya ya damu, pang'onopang'ono sabata iliyonse, osati kukhuthula thumba lonse kamodzi. Chikamaoneka mwa chimbuuzi, zili bwino. Chikasowa mkono usanafike m'chigongono, mwapyoza muyeso.

Kupyoza muyesoku n'koopsa. Usiku tizomera sitipanga okosijeni, timangopuma womwewo pamodzi ndi nsomba. Kukachita mitambo masiku awiri kapena atatu otsatizana, mudzapeza nsomba zili yasaa pamwamba pa madzi m'bandakucha, ndipo zina zimafa dzuwa lisanatuluke. Mukaona zotero siyani manyowa, lekani kuthira madeya tsiku limenelo, ndipo lowetsani madzi atsopano.

Palinso madzi ofiira a dothi la katondo amene amakokolokera m'damu nthawi ya dzinja. Ena amayesa ndi chonde, pomwe matope amenewo amatchinga kuwala ngati mtengo womwe. Kumbani ngalande yopatutsa madzi a mvula kumtunda kwa damu, ndipo m'mbali mwake mubzale udzu wamfupi wogwira nthaka.

Alangizi a ulimi wa nsomba,
Mzuzu