Lipoti la msonkhano wokumbukira Clements Kadalie ku East London, South Africa

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse a nthambi yathu, zikomo pondituma. Ndalama ya ulendo inakwana, malisiti ali ndi msungichuma.

Nkhani yaikulu inali mbiri ya Kadalie, ndipo ambiri mu holo muja sankadziwa kuti mkuluyu anali wakwathu ku Malawi. Anabadwa mu 1896 ku Chifira, pafupi ndi Bandawe ku Nkhata Bay, n'kuphunzira ku Livingstonia. Uphunzitsi anausiya, ulendo wosaka ntchito: ku Mozambique, kumigodi ya ku Southern Rhodesia, mpaka Cape Town mu 1918. Mu Januwale 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU (Industrial and Commercial Workers' Union) ndi anthu 24 okha, ambiri a iwo onyamula katundu padoko. Pofika Disembala doko linali zii, anthu atanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino komanso pokana kuti chakudya chizipita kunja mitengo ili kukwera. Mu 1920 boma linalamula kuti abwezedwe kwawo, koma lamulolo linathetsedwa. Anzathu aja amaopa kusayina fomu ya umembala poti ndi alendo kuno, muwauze zimenezi.

Pa ndale ndi pamene panali mtsutso wotentha. Pa chisankho cha 1924 Kadalie analimbikitsa anthu akuda ovota ku Cape kuti akhale mbali ya Hertzog, mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha National Party, chifukwa anali atatopa ndi Smuts, nduna yaikulu ya South Africa panthawiyo. Hertzog atangolowa m'boma, ntchito za kunjanji zinayamba kulandidwa kwa akuda n'kupatsidwa kwa azungu osauka. Nthumwi zina zimati analibe pothawira. Ine ndikuti anagulitsa mbuzi ya eni ake pangongole, popanda mboni.

Koma chomwe ndabwera nacho kwenikweni ndi kugwa kwa ICU. Mu 1927 bungweli linkati lili ndi mamembala 100,000, ambiri a m'mafamu, aliyense atasunga khadi lake lofiira. Ndalama zinkalowa zambiri, koma mabuku sankalembedwa bwino, zina n'kumathera kwa maloya. Atsogoleri nawo anayamba kudyana: achikomyunizimu anathamangitsidwa mu Disembala 1926, A.W.G. Champion anapatuka ndi nthambi ya ku Natal mu 1928, ndipo Kadalie mwiniwake anatula pansi udindo mu 1929 atasemphana ndi William Ballinger, mlangizi wochokera ku Scotland. Boma linkalizunza bungweli, inde, koma nthenda inali m'katimo. Kadalie anakakhazikika ku East London komweko, anamangidwa chifukwa cha sitalaka ya 1930, n'kumwalira mu 1951.

Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu msungichuma awerenge mabuku pamaso pa tonse, ndipo aliyense wolipira ya umembala azilandira lisiti pompo. Sindikukayikira munthu ayi. Za kukhala mbali ya chipani pa chisankho, komiti isagamule yokha, ibwere nazo kwa mamembala tidzakwezere manja.