Lipoti la nthumwi: momwe rejimenti ya apakavalo ya 8th Illinois inkayendetsedwera pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America

Apampando, a komiti ndi aphunzitsi anzathu nonse,

Munatituma awiri ku msonkhano wa ophunzira mbiri ya nkhondo kuti tikabwere ndi zomwe zingatithandize pophunzitsa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865. Zokambidwa zinali zambiri, koma tasankha gawo lomwe linatenga tsiku lathunthu, la asilikali apakavalo. Nkhondoyi inali pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, ndipo okamba anatsata rejimenti (gulu lalikulu la asilikali) imodzi ya mbali ya kumpoto, 8th Illinois Cavalry, kuchokera pomwe inakhazikitsidwa mpaka pomwe inathetsedwa.

Rejimentiyi inasonkhanitsidwa ku St. Charles m'chigawo cha Illinois ndipo inalowa m'manja mwa boma mu September 1861. Woyambitsa ndi mtsogoleri wake woyamba anali John F. Farnsworth, wandale wodziwika podana ndi ukapolo. Pambuyo pake udindo unapita kwa William Gamble.

Papepala rejimenti yotere inkakhala ndi makampani 12, otchulidwa ndi zilembo A mpaka M, kudumpha J. Kampani iliyonse inali ya anthu pafupifupi 100 pansi pa kaputeni, ndipo pakati pawo panali masajeni, makopolo, oimba lipenga, osula nsapato za akavalo ndi wosoka zishalo. Makampani anayi ankapanga batalioni yotsogoleredwa ndi meja, kotero mameja anali atatu, pamwamba pawo Lieutenant Colonel ndi Colonel. Kuwerengera zonse, anthu pafupifupi 1,200. Chiwerengerochi musachipereke kwa ophunzira ngati cha kunkhondo. Pofika pa nkhondo ya ku Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania, mu July 1863, a 8th Illinois amene anali pamzere sanakwane 500.

Funso lakuti enawo anapita kuti ndi lomwe linatenga nthawi yaitali, ndipo yankho lalikulu ndi kavalo. Lamulo la asilikali linkapatsa kavalo mmodzi mapaundi 14 a udzu wouma ndi mapaundi 12 a chimanga kapena oats (mbewu yofanana ndi tirigu) patsiku, kutanthauza makilogalamu oposa pang'ono 6 a udzu ndi pafupifupi 5 ndi theka a chimanga. Pa akavalo 1,000 chimanga chokha ndi matumba oposa 100 a makilogalamu 50 tsiku lililonse, udzu osawerengera. Zonsezi zinkabwera pa sitima ndi pa ngolo, ndipo nyulu zokoka ngolozo zinkadya za mumtolo womwewo. Mvula ikawononga misewu ya ku Virginia, chigawo cha kumwera komwe ankamenyera nkhondo, udzu ndiwo unkayamba kusowa chifukwa umadya malo ambiri pangolo. Kavalo wodya chimanga chokha amadwala m'mimba. Wodya mosakhuta amaonda, chishalo chimayamba kusegwedera pamsana, chimakhula khungu n'kupanga chilonda, ndipo kavalo wa chilonda pamsana sakwereka kwa masabata. Onjezani kuola kwa ziboda chifukwa choima m'matope, ndi matenda opatsirana a glanders amene mankhwala ake kunalibe, kavalo wogwidwa nawo ankangowomberedwa. Msilikali wopanda kavalo amakhala wamoyo ndi wamphamvu, koma pamzere palibe.

Ambiri mwa anyamata olembedwa mu 1861 ankadziwa kavalo wokoka khasu ndi ngolo, osati wokwera tsiku lonse atasenza munthu, chishalo, bulangeti, zida ndi chakudya. Analinso ndi chizolowezi chonyamula katundu wochuluka. Boma la kumpoto linaona kuti akavalo akutha msanga ndipo ogulitsa ena akulipatsa okalamba ndi odwala, choncho mu July 1863 linakhazikitsa Cavalry Bureau, ofesi yoona za apakavalo, ndi malo aakulu osungira ndi kuchiritsira akavalo ku Giesboro Point pafupi ndi Washington. Kumwera zinali zina. Msilikali ankabwera ndi kavalo wake, ankalipidwa masenti 40 patsiku chifukwa cha kavaloyo, ndipo chipepeso ankalandira kavalo akaphedwa pankhondo basi, osati akafa ndi matenda kapena kutopa. Wotaya kavalo ankapita kwawo kukasaka wina. Poyamba izi zinapatsa a kumwera akatswiri okwera bwino, koma nkhondo itatalika zinawadya.

Vuto lachiwiri linali kagwiritsidwe ntchito. Chaka choyamba ndi theka akuluakulu ankagawa apakavalo timagulutimagulu, ena operekeza majenerali, ena amtengatenga, ena olonda usiku. Jenerali wa kumpoto Joseph Hooker ndiye anawasonkhanitsa kukhala gulu limodzi lalikulu mu February 1863, pansi pa George Stoneman. Zotsatira zinaoneka pa 9 June chaka chomwecho ku Brandy Station, pomwe 8th Illinois inali m'gulu la John Buford lomwe linawoloka mtsinje wa Rappahannock pa Beverly Ford m'bandakucha n'kudzidzimutsa apakavalo a kumwera a J. E. B. Stuart.

Msilikali aliyense ankanyamula lupanga, pisitolo ya zipolopolo zisanu ndi chimodzi, ndi mfuti yaifupi yolongera chipolopolo kumbuyo. Mfuti yaifupiyi ndiyo inkagwira ntchito yaikulu, chifukwa munthu ankatha kuilonga atagona kapena atagwada kuseri kwa mpanda. Pomenya nkhondo pansi ankadziwerenga anayianayi. Atatu ankatsika kupita kutsogolo, wachinayi ankatenga akavalo onse anayi kukabisala nawo kumbuyo kwa chitunda. Choncho gulu la 400 limaika mfuti 300 zokha pamzere.

Umu ndi momwe anamenyera m'mawa wa 1 July 1863 kumadzulo kwa Gettysburg. Buford anali ndi mabrigedi awiri (brigedi ndi gulu la marejimenti angapo), ya Gamble ndi ya Thomas Devin, anthu osakwana 3,000 ndi mizinga isanu ndi umodzi, kutsutsana ndi asilikali oyenda pansi a kumwera a Henry Heth omwe ankawaposa kwambiri. Cholinga sichinali kupambana koma kuchedwetsa: kuwombera, kukakamiza adani kuchoka mumsewu n'kundanda pamzere, kubwerera ku chitunda chotsatira, kuyambanso. Anatero mpaka oyenda pansi a kumpoto a John Reynolds anafika. Okamba anatsindika kuti tisiye kuphunzitsa zoti anyamata a Buford anali ndi mfuti zowombera kangapo za Spencer. Ambiri anali ndi zolonga chipolopolo chimodzichimodzi monga Sharps.

Panali mkangano wosangalatsa pa za amene anawombera chipolopolo choyamba tsikulo. Lieutenant Marcellus Jones wa Kampani E ankati ndi iye, ndi mfuti yobwereka kwa sajeni Levi Shafer, ndipo mu 1886 anakaimika mwala pamalopo m'mbali mwa msewu wa ku Chambersburg. A 9th New York Cavalry, rejimenti ina ya apakavalo ya kumpoto, anatsutsa. Ife tikuona kuti nkhaniyi ndi yabwino pophunzitsa ana kusiyanitsa umboni ndi zodzinenera, koma pa mayendedwe a nkhondoyo ilibe kulemera.

Zaka zotsalazo tidutsamo mwachidule. Mu July 1864 makampani ena pansi pa David Clendenin anamenya nawo ku Monocacy poteteza njira ya ku Washington. Rejimentiyi inathera miyezi yambiri ikuthamangitsana ndi zigawenga za kumwera za John Mosby kumpoto kwa Virginia, inasaka nawo John Wilkes Booth atapha pulezidenti Abraham Lincoln mu April 1865, ndipo inathetsedwa mu July chaka chomwecho. Kaundula akusonyeza kuti inataya anthu 250, mwa iwo 75 kunkhondo kapena ndi mabala, 175 ndi matenda.

Tikupempha komiti iganizire zinthu ziwiri pa mkumano ukubwerawu. Choyamba, tiloledwe kukonza pepala limodzi la ophunzira lokhala ndi chithunzi cha kandandidwe ka rejimenti ndi samu ya chakudya cha akavalo, yoti anzathu a masamu angaigwiritsenso ntchito. Chachiwiri, pakufunika mapu aakulu a Virginia, Maryland ndi Pennsylvania oonetsa mitsinje ndi njanji, ndipo ndalama zosindikizira sizinali pa bajeti ya chaka chino.

Ndife nthumwi zanu ziwiri.