Kwa mwana wanga wofufuza za mbuna

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Chibavi tili bwino, kungoti mvula yowaza ija yatitsekera m'nyumba masiku atatu, zovala sizikuuma. Bambo ako akupereka moni.

Za ntchito yako yatsopano ndamva. Poyamba ndinadandaula, sindibisa: sukulu yonse ija n'kumakawerenga mbuna, tinsomba tosakwana ndiwo? Mtima unatsika tsiku lija ku Nkhata Bay, utandigwadika pamwala n'kundionetsa yaikazi itasunga tiana take m'kamwa. Unati mbuna sizikonda kudutsa pamchenga, ndiye gulu lililonse limakhala pamiyala yake, n'kumasintha palokha mibadwo ikamapita, mpaka nyanja imodzi kukhala ndi mitundu mazanamazana. Kani n'chifukwa chake a UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, anaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984.

Wati uzikalankhulanso m'masukulu, pawailesi ndi m'madoko. Mawu anga ali pamenepa. Ukafika kwa asodzi, Chingerezi chako usiye m'chikwama. Munthu wa ukonde wa chilimira amadziwa usiku wogwira usipa pongoyang'ana mwezi, ndipo kuchepa kwa chambo anakuona mu ukonde wake iwe usanakuwerenge m'buku. Khala pansi, umufunse kaye. Chitonga chako n'chopotoka, koma lankhula chomwecho, akaseka useke nawo.

Chovuta ndi ichi: anthu akangomva za kusintha kwa zamoyo, amati ukuwauza kuti agogo awo anali anyani. Amayi anzanga a kumvano anandifunsa kale, ena mondimvera chisoni ngati mwana wanga wasochera. Oterowo usawaseke, ndipo za chikhulupiriro chawo usalowerere. Uwauze za nsagwada ija ya munthu wamakedzana inapezeka ku Uraha, ku Karonga, mu 1991, ya zaka zoposa 2 miliyoni. Uwauze atenge ana akaone okha chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana chimene mtundu wake unatha kalekale, kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Karonga komweko. Wofunsa mwaukali umuyankhe mofatsa, mwina ndi amene mawa adzakubwereke bwato.

Ndalama za kafukufuku sizibwera mwezi ndi mwezi, ndiye zikabwera uzipatulako pang'ono. Ukamapita ku Nyika kukaona maluwa aja, udzere kuno utenge juzi yako, ndaisoka pachigongono.

Ndine mayi ako.