Kalata yochokera ku South Bend: kuwedza ndi reel yakale

South Bend, Indiana

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Nkhotakota. Kuno chisanu chapita, madzi a mtsinje wa St. Joseph afunda, ndipo nsomba za bass zayamba kudya.

Munafunsa kuti ndimawedza ndi chiyani. Zida zanga n'zakale kuposa inu ndi ine: ndodo yachitsulo ya mita imodzi ndi theka, ndi reel (kachipangizo kopukusira chingwe) ya Pflueger Supreme yopangidwa ku Akron, Ohio, imene ndinagula pamene banja lina linkagulitsa katundu wa malemu agogo awo. Ndinaimasula yonse, n'kuchotsa girizi wouma, n'kudontheza oyilo wopepuka. Ikuyenda bwinobwino.

Reel yotere imakhala pamwamba pa ndodo. Ukaponya, kulemera kwa nyambo ndi kumene kumakoka chingwe, ndipo kagudumu kokulungapo chingwecho kamazungulira. Vuto limabwera nyambo ikayamba kutha mphamvu m'malere. Kagudumu kaja sikadziwa, kamangothamangabe, chingwe n'kulukanalukana moti ukhoza kutha theka la ola ukumasula. Ma reel amakono ali ndi maginito kapena mabuleki oletsa zimenezi. Yangayi ili ndi kotembenuza kakang'ono komangitsira kagudumu, koma ukakamanga nyambo siipita patali, ndiye ndimakamasula. Buleki ndi chala chachikulu basi. Uchigunditse pang'ono pachingwe nyambo ikuuluka, ndipo ikatsala pang'ono kugwera m'madzi udinikize. Poponya, dzanja ulipendeketse kuti chogwirira chopukusira chiloze kumwamba, ndipo mphamvu ichokere pamfundo ya dzanja, osati paphewa.

Chogwiriracho nachonso chimazungulira poponya, chifukwa n'cholumikizana ndi kagudumu nthawi zonse. Nsomba ikathawa ndi chingwe, chogwiriracho chimabwerera m'mbuyo mwaliwiro, ndipo chimamenya zala ukapanda kusamala. Anzanga ena kuno amati kumeneku n'kudzivutitsa. Ine sindivomera. Mukukumbukira mmene tinkamvera kampango akugwedeza chingwe cha pamanja tili m'bwato? Ndi reel imeneyi kukoka kulikonse kwa nsomba kumafika pachala chimodzimodzi, palibe makina okubisira. N'chifukwa chake ndimaikonda, ngakhale kuti nyambo yopepuka siiponyeka nayo. Imafuna yolemera ngati magalamu 18, ndi chingwe choluka chofewa. Akale ankagwiritsa ntchito cha silika, chimene ankachiyanika akaweruka kuti chisaole. Nayiloni wamba uja amauma gwa, sakhazikika bwino pakagudumu.

Chimene chinandikondweretsa n'chakuti mbiri ya zida zimenezi yandizungulira. Ma reel oyambirira a mtundu uwu ku America ankapangidwa pamanja ku Kentucky kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo amene amatchulidwa kwambiri ndi George Snyder wa m'tauni ya Paris ku Kentucky komweko, mmisiri wa mawotchi. Koma zambiri zinakulira konkuno. Ku Kalamazoo, Michigan, William Shakespeare Jr. anatulukira njira yoti chingwe chizidziyala chokha mofanana pakagudumu, ndipo kampani yake inayamba mu 1897. Ku Dowagiac, pafupi ndi kuno, James Heddon, mlimi wa njuchi, anayamba kugulitsa nyambo zosema pamtengo mu 1902. Mumzinda uno munali South Bend Bait Company, imene inkapanga Bass-Oreno, nyambo yosema pamtengo imene ambiri amaidziwa ndi mutu wofiira ndi thupi loyera. Ndili nayo imodzi, penti inakanduka ndi mano a nsomba. Ukaikoka pang'onopang'ono imamira pang'ono n'kumayenda mokhotakhota, ndipo bass imaigwira ndi ukali. Ena amaziika m'kabati yagalasi kuti mtengo ukwere. Ine ndimaona kuti zinapangidwira madzi, ndiye ndimangosintha mbedza zadzimbiri n'kuponya.

Inu sindikuyambitsani ndi Pflueger ayi. Ndakupezerani Ambassadeur 5000 yofiira, ya kampani ya Abu ya ku Svängsta ku Sweden, imenenso inayamba ndi kupanga mawotchi. Mtundu umenewu unatuluka mu 1952. Ili ndi kabatani komasula kagudumu kuti chogwirira chisazungulire poponya, ndi timabuleki tam'kati totambasuka kagudumu kakathamanga kwambiri. Chala chimafunikabe, koma imalekerera wophunzira. Muyambire pamchenga, kumapeto kwa chingwe mutamangako kamtovu kopanda mbedza, ndipo musalimbane ndi kuponya patali.

Ndibwera nayo pobwera kutchuthi, pamodzi ndi nyambo zachitsulo zonyezimira, kuti tikayesere ncheni. Mundiuze ngati bwato lija likadali lolimba, ndiponso mwezi umene mwera umakhala utaleka, kuti ndigule tikiti yoyenera.

Mundiperekere moni kwa mayi ndi onse kumudzi.

Ine mnzanu wa ku South Bend