Lipoti la ku boma: magazi mumkodzo si likodzo nthawi zonse

Amfumu, atcheya ndi nonse a m'komiti yathu ya zaumoyo kuno ku Ngabu, ndabwerako ku maphunziro ku Chikwawa kumene munandituma. Za ndalama zoyendera ndalongosola kale kwa asungichuma. Nkhani zinali zambiri, koma imene yandisowetsa tulo ndi ya khansa ya impso.

Ife a kuchigwa kuno magazi mumkodzo sititekeseka nawo. Tinakulira kusamba mu Shire ndi m'madambo, ndiye munthu akakodza magazi timangoti ndi likodzo, amwe praziquantel, basi. Adokotala amene amatiphunzitsa anati ngozi yagona pomwepo. Magazi a likodzo kawirikawiri amadza pomaliza kukodza, timadontho. Ochokera ku impso amasakanikirana ndi mkodzo wonse, mwina nkumaoneka ngati tiyi wopanda mkaka, munthu osamva kuwawa paliponse. Amatha kusiya kwa milungu ingapo, iwe nkumati ndachira, kenaka abweranso. Nditamva izi ndinakumbukira malume anga amene tinkangowagulira mankhwala a likodzo mpaka tinawaika m'manda. Nsima ya masana sinalowe.

Zizindikiro zina ndi kupweteka m'nthiti cha kumsana mbali imodzi kosaleka, chotupa chogwirika m'mbali mwa mimba, kuwonda popanda chifukwa, kufooka, ndi kutentha thupi kobwerezabwereza pomwe malungo sakupezeka. Adokotala anatinso matendawa amayamba mwakachetechete, ndipo osuta fodya, onenepa kwambiri ndi odwala BP ndiwo ali pachiopsezo chachikulu.

Amayi, apa mumvetsetse. Ana aang'ono, makamaka osafika zaka 5, ali ndi khansa yawo ya impso yotchedwa Wilms. Mimba imatupa mbali imodzi, yolimba, ndipo amayamba kuizindikira ndi mayi posambitsa mwana. Kwathu kuno timathamangira kunena kuti ndi kapamba, ena nkukatemera mphini. Chonde tisatero. Ana ambiri amachira akafika msanga.

Njira yake ndi iyi: kuyambira pachipatala chapafupi, buku la kuchipatala lili m'manja. Ngati mwamwa mankhwala a likodzo koma magazi abweranso, bwererani mukanene mosabisa, mupemphe kuti akuunikeni m'mimba ndi makina pachipatala cha boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Akapeza chotupa amalemba kalata yopita kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli akatswiri. Ndinafunsa za opaleshoni, poti ndiyo imatiopsa tonse. Anayankha kuti impso yodwalayo amaichotsa, ndipo yotsalayo, ikakhala yabwino, imagwira ntchito yokha munthu nkukalamba nayo.

Chovuta ndi ulendo. Kukwera mapiri kuchokera pa Thabwa, wodwala ndi womudikirira, kenaka masiku ambiri m'tauni, banja lodalira mapira ndi thonje silingakwanitse lokha. Atcheya, ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane zoyambitsa thumba la mayendedwe a odwala otumizidwa ku Blantyre, ndipo tiitane alangizi a zaumoyo adzakhale nafe.